Denga la Kalavani ya Madalitso

Moni nonse abale ndi alongo, ndi inu mwakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko kuti muthawe msanga. Dzina langa ndine Lameki, ambiri mumandidziwa kuti bambo a Tadala. Abusa anandipempha kuti ndilankhule za mowa, poti ambiri a ife ntchito zinatha ndipo botolo layamba kulowa m'manyumba. Za mowa ndinena, koma ndikanena za mowa wokha ndikhala ndakunamizani. Mowa unabwera mochedwa, unapeza zinthu zitaonongeka kale. Chimene chinatsala pang'ono kundilanda banja ndi nsanje, ndipo sinali nsanje ya mkazi ayi. Ndinkachitira nsanje mwamuna mnzanga chifukwa cha kalavani.

Ndikuona ena mukuseka. Sekani, nanenso ndikanakhala pampando wanuwo ndikanaseka.

Ndinkakhala ku South Bend, kumpoto kwa Indiana kuno ku America, ndikugwira ntchito kufakitale ina chakufupi ndi Elkhart. Tinkapanga makalavani, nyumba zamatayala zija azungu amakoka ndi galimoto popita kokacheza kunkhalango, kuno amati ma RV. Kumeneko salipira kuti wakhala maola angati. Amawerenga makalavani amene laini yatulutsa, ndiye nonse n'kugawana. Mukamaliza a tsiku limenelo, kaya dzuwa likadali pamutu, mumaweruka. Ndiye anthu sayenda, amathamanga. Ine ndinali wa padenga. Ntchito yanga inali kuika timawindo ta pamwamba totulutsa mpweya. Umayala kaye tepi yomata pansi pake, n'kumanga ndi masikuluwu, kenako n'kuzunguliza silikoni kuti madzi asapeze polowera. Ndinkaidziwa ntchito imeneyo, sindikudzichemerera.

Madalitso ndi mnyamata wa kumudzi kwathu, wamng'ono kwa ine. Ndinakamutenga ndine pasiteshoni ya sitima ya kubwalo la ndege, atatsika kuchokera ku Chicago ndi kachikwama kamodzi ndi juzi yopyapyala pakati pa chisanu. Anagona pampando wa pabalaza panga miyezi yambiri. Ndinamuphunzitsa kukwera basi, kuyendetsa galimoto kumanja, kuyankha azungu akamafunsa dzina kawiri. Ntchito kufakitale ndinamuapulayira ndine. Pamene ndinkakwatira Esinati, mayi a Tadala, kuno kunalibe amalume, ndiye Madalitso yemweyo ndiye anaimira kuchimuna ngati nkhoswe yanga. Ankanditchula kuti achimwene, ndipo ankanena kuchokera pansi pa mtima.

Vuto linayamba atamupromota. Anamuika ukapitawo wa laini yathu. Mnyamatayo ali ndi pakamwa pabwino, amaseka ndi aliyense, ndipo ntchito ankaigwiradi, zimenezo sindingakane. Koma ine m'mawa uliwonse ndinkakwera makwerero kupita padenga, iye ali pansi ndi wayilesi m'chiuno, akundikodola: "Achimwene, tifulumireko pang'ono, laini ikudikira." Ankanena mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unkandipsetsa mtima kwambiri. Ndinkati mumtima, iwe, wagona pampando wanga iwe, ukudziwa kuti bulangete unkafunda lija linali la ndani?

Nthawi yomweyo kunabuka mkangano wa malo ogona m'mapaki a boma, kumene ife timapitako kumisasa ya mpingo chaka ndi chaka. Malowo anali atakalamba, zimbudzi, misewu, mapolo a magetsi, zonse. Ena ankati boma liikepo ndalama za msonkho, likulitse malowo ndi kuika magetsi amphamvu kuti makalavani akuluakulu azikwanako. Eni mafakitale anali mbali imeneyo, poti munthu sangagule kalavani alibe kokaimika. Ena ankati ayi, wofuna kugona m'nkhalango ali ndi firiji ndi TV alipire yekha pageti, msonkho wa munthu wosauka usamagulire olemera masoketi.

Ndikuuzeni zoona, ine nkhani imeneyo inalibe nane kanthu. Ndinkaimva pawayilesi popita kuntchito, n'kusintha siteshoni. Koma tsiku lina mabwana analengeza kuti basi yonyamula antchito ipita ku Indianapolis, kunyumba ya malamulo, kumsonkhano womva maganizo a anthu, ndipo m'modzi wa okalankhula m'malo mwa antchito ndi Madalitso. Tsiku lomwelo ndinasanduka katswiri wa misonkho. Ndinayamba kulalikira paliponse, panja pa tchalitchi, kumaphwando a ana, kuti ndalama za boma zisapite kwa anthu ogona m'makalavani, ife a matenti atisiye ndi dothi lathu.

Esinati anandifunsa tsiku lina akupinda zovala: "Bambo a Tadala, si makalavani omwewo akutidyetsa m'nyumba muno?"

Ndinamuyankha kuti iye za ndale sazidziwa.

Madalitso anapita ku Indianapolis atavala tayi imene anabwereka kwa ine. Anaoneka pa TV kanthawi kochepa chabe, akunena kuti iye anachokera kutali ndipo manja ake amadya chifukwa choti mabanja a kuno ali ndi kokagona akafuna kuona mitengo. Basi, mawu ake anali omwewo. Koma anthu anajambula pa tepi, tepiyo inayenda m'manyumba, ina inakwera ndege. Nditaimba foni kumudzi, amalume anga enieni asanandifunse n'komwe za umoyo anati: "Tamva kuti mwana wa kwa a Jere walankhula kupalamenti ya ku America. Nanga iwe unali kuti?" Ndinawauza kuti khadi ya foni yatha. Inali isanathe.

Kenako anagula kalavani. Antchito ankatigulitsa motsitsa, iye anasunga ndalama zake, n'kuoda kakang'ono kokhala ndi bedi limodzi ndi kakhitchini. Tsiku limene inadutsa palaini aliyense ankadziwa kuti iyi ndi ya kapitawo. Anzathu ankaigwira mosamala, ena akupukuta ndi malaya awo. Itafika pa ine ndinakwera padenga. Kawindo ka pamwamba kanali pamwamba penipeni pa bedi.

Tepi ya pansi ija sindinaiyale. Ndinamanga kawindoko pouma, n'kuzunguliza silikoni mokongola mbali zimene munthu amaona akaima pamakwerero, koma kumbuyo ndinasiya mpata. Sizinanditengere nthawi. Laini inali pa liwiro, palibe anakwera kudzaona. Chimene ndinkafuna chinali chaching'ono, ndimo mmene ndinkadziuzira. Ndinkafuna kuti kumisasa mvula imupeze pabedi iye ndi mkazi wake, atuluke atanyowa pamaso pa mpingo wonse, anthu aseke pang'ono bwana wa kupalamenti.

Misasa ya chaka chimenecho inali mu Okutobala, masamba atayamba kufiira. Tadala anali khanda, ndipo apongozi anga, mayi ake a Esinati, anali atabwera kuchokera ku Malawi kudzathandiza kulera. Tinafika kupaki Lachisanu masana. Ine ndikulimbana ndi zikhomo za tenti, Madalitso anatulukira akukoka kalavani yake yoyera mbee. Anthu anasiya zimene ankachita. Amayi analowamo awiriawiri, akutsegula timakabati, akuyatsa ndi kuzimitsa magetsi.

Ndiye Madalitso anabwera pa tenti yathu, n'kugwada patali pang'ono ndi pamene anakhala apongozi.

"Amayi, simungagone pansi ine ndili pabedi. Inu ndi mwana mugona m'kalavanimo. Ife ndi akazi anga tabwera ndi tenti."

Abale, ine ndinabadwira ku Malawi. Ndinakula ndikuona bambo anga akusiyira mlendo mphasa yabwino. Ndinaiwala bwanji kuti mwana woleredwa kwathu sangagone pamatiresi munthu wamkulu ali pa dothi? Nsanje inandiganizitsa ngati kuti Madalitso ndi ine.

Ndinayesa kuletsa. Ndinati asavutike, tenti yathu ndi yaikulu, amayi azolowera. Esinati anandiyang'ana ndi diso lija amayi amayang'anira mwana woba shuga pamaso pa alendo. Mayi wina anaseka n'kunena kuti, "A Lameki, ndale zanu za matenti zisazunzitse apongozi." Onse anaseka. Ndinayang'ana kumwamba, kunali koyera. Ndinati mwina mvula siibwera, ndipo ndinatseka pakamwa.

Tsiku loyamba linadutsa bwino. Loweruka masana tinasonkhana m'chishedi chachikulu cha pakiyo kuyamba mapemphero. Apongozi miyendo inkawavuta, ndiye anatsala m'kalavani ndi khanda kuti Esinati aimbe nawo kwaya. Tili pakati pa nyimbo, mphepo yozizira inawomba, mvula n'kuyamba. Siinali yowaza. Inkamenya malata a shedi mpaka mlaliki anasiya kaye kulankhula.

Ndinakhala pabenchi ndikudziwa chimene chikuchitika. Ndinkatha kuona m'mutu mwanga madzi akulowa pampata uja, akutsikira pabedi. Patapita nthawi ndinanyamuka ngati ndikupita kuchimbudzi, ndinathamanga mpaka pakalavani. Ndinaima pachitseko, mvula ikundimenya. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini salowa m'chipinda mmene agona apongozi. Mwambo umenewo ndinaugwira ndi manja awiri tsiku limenelo, chifukwa unandipatsa pobisala. Ndikanatha kuitana Esinati. Ndikanatha kunena kuti tulukani, denga likudontha. Koma akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji.

Ndinaitana ndili panja: "Amayi, muli bwino m'menemo?"

Anayankha: "Tili bwino, bambo. Pitani kumapemphero."

Ndinabwerera kumapemphero.

Pamene Esinati anapita kukayamwitsa madzulo, anapeza bedi lili chonyowa, madzi ali pansi ponse. Mayi ake anali atakhala pakona, atakulunga mwana ndi bulangete louma ndi juzi yawo yomwe, iwo atatsala ndi bulauzi ndi chitenje zonyowa, akunjenjemera. Sanatuluke kukaitana munthu. Anati sakanasokoneza mapemphero, komanso sakanachititsa manyazi mwana wa eni amene anawapatsa nyumba yake. Tadala analibe ndi dontho lomwe. Pofika Lachiwiri apongozi anali m'chipatala ku South Bend ndi chibayo, atawaika mapaipi m'mphuno.

Anakhalamo nthawi yaitali, ndipo panali masiku amene madokotala sankatiyang'ana m'maso. Anachira, koma chifuwa chawo sichinabwerere mwakale. Mkwiyo wonse wa Esinati unagwera Madalitso. Ankati kapitawo wanji wotulutsa kalavani yodontha n'kugonekamo mayi a mnzake kuti anthu amutame. Anasiya kumupatsa moni. Ine ndinkagwedeza mutu, nthawi zina n'kuonjezerapo mawu. Madalitso anakonza dengalo yekha, n'kugulitsa kalavaniyo, ndalama zake n'kupereka kuchipatala, poti apongozi analibe inshuwalansi. Ndinamva kukoma kuti kalavani yapita. Koma Sabata lotsatira abusa anamutchula paguwa ngati chitsanzo cha chikondi, ndipo nsanje inabwerera pomwepo. Ngakhale ubwino wakewo ndinkaulakalaka ukanakhala wanga.

Apa ndi pamene mowa unalowa. Kuntchito tinkaweruka dzuwa likadalipo, ndiye ndinkaima kaye pabala ina ya m'njira kuti ndisafike msanga kunyumba kumene apongozi ankatsokomola kuchipinda. Atabwerera ku Malawi sindinasiye. Botolo linasamukira m'galimoto, kenako m'galaja, kenako m'kabati ya kubafa. Kutchalitchi ndinasiya. Kunyumba ndinkakalipa pa zilizonse, supuni ikagwa, mwana akalira. Apolisi anandigwira ndikuyendetsa nditaledzera, ndinagona m'chitokosi, laisensi n'kundilanda. Esinati anali atamaliza sukulu ya unamwino. Anapeza ntchito kuno ku Indianapolis, analongedza zake ndi za mwana, n'kusamukira kudera la Lawrence, mumzinda momwe muno. Pochoka anati: "Sindikudziwa chimene chikukudyani, ndipo ndatopa ndi kufunsa."

Kenako mafuta anakwera mtengo, anthu anasiya kugula makalavani, mafakitale anayamba kutseka. Zimenezo ambiri muno simukufunika kuuzidwa. Anatichotsa tonse tsiku limodzi, wa padenga ndi kapitawo yemwe. Ndinatsala m'nyumba yopanda makatani, ndilibe ntchito, ndilibe galimoto, ndilibe mkazi.

Banja ndinkalifuna. Ndinamuimbira Esinati kambirimbiri, iye anati nkhani ya banja sitikambirana pafoni, ngati ndili ndi mawu ndibwere ndi ankhoswe. Mwamva pamenepo? Nkhoswe yanga inali imodzi. Ndinakwera basi kupita kwa Madalitso. Anatsegula chitseko, anandiyang'ana mmene ndinaonekera, sanafunse zambiri. Anati, "Loweruka ndidzakutengani, achimwene. Mudzamete ndevu."

Anandiyendetsa yekha kuchokera ku South Bend mpaka ku Indianapolis. Msewu wonse uja tinakamba za mitengo ya mafuta basi. Tinakumana kunyumba kwa a Mwale, mkulu wa mpingo amene ankaimira kuchikazi, chakufupi ndi Lafayette Road. Pabalaza panali ife anayi: a Mwale pampando wawo, Esinati pafupi ndi khomo la kukhitchini, ine ndi Madalitso pasofa imodzi. A Mwale anapemphera, n'kupempha nkhoswe ya kuchimuna kuti iyambe.

Madalitso anangoti, "Zikomo akuluakulu, ife tabwera kudzapepesa," Esinati n'kukweza dzanja.

"Pepani a Mwale. Bambo a Tadala ndiwamvera, mowa ndi matenda, ndimawaona kuntchito. Akalonjeza kusiya, ndikhoza kuganizira zobwerera. Koma awa asalankhule pa banja langa. Mayi anga mpaka lero sagona chagada chifukwa cha iwowa. Apeze nkhoswe ina, kapena atuluke, tikambirane atatu."

Mverani bwino pamenepa, chifukwa ndi pamene moyo wanga unaima. Mkazi wanga anali atanditsegulira chitseko. Chimene ndinkafunika kuchita chinali kukhala chete basi. Madalitso akanatuluka, ine ndikanalira pang'ono, ndikanalonjeza za mowa, mwina mwezi womwewo ndikanagona ku Lawrence.

Ndinamuyang'ana Madalitso. Sanadziteteze. Anatola chipewa chake pabondo, n'kuwerama kwa a Mwale, n'kunena kuti, "Palibe vuto, alamu anena zoona, inali kalavani yanga. Ndikadikira m'galimoto." Poimirira anandiyang'ana kamodzi. Sanali maso a munthu wodabwa. Pomwepo ndinazindikira chinthu chimene ndinkachikana kuganiza nthawi yonseyi. Denga lija anakonza yekha. Anamasula kawindo kaja ndi manja ake, anaona kuti pansi palibe tepi, anaona mpata wa kumbuyo. Iye anali kapitawo, ankadziwa amene anali padenga tsiku limenelo.

Anafika pachitseko, akuvala nsapato zimene tinasiya pakhomo.  Ndinganame ndikati ndinalankhula chifukwa cha kulimba mtima. Ndinangoona kuti ndikalola munthu uyu atuluke, ndikalowa m'nyumba ya Esinati ndi chinthu chomwecho chimene chinkandimwetsa mowa, ndipo ndidzamwanso.

Ndinati, "Mada, bwerera ukhale pansi."

Ndinatsika pasofa, ndinagwada pakapeti. Ndinanena zonse. Za tepi, za mpata, za chimene ndinkafuna kuti chimuchitikire. Ndinanenanso za pachitseko paja, kuti ndinaima pamvula ndikudziwa kuti mayi ake ndi mwana wathu ali m'madzi, ndinafunsa funso limodzi n'kubwerera kukaimba nyimbo.

 A Mwale anavula magalasi n'kuwagwira m'manja. Esinati sanalire, sanakalipe. Anandifunsa motsitsa mawu:

"Tadala anali mmenemo. Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anatembenukira kwa Madalitso. "Inu munkadziwa kuti ndi iwowa?"

"Ndinadziwa tsiku limene ndinakwera padenga, alamu."

"Ndiye munandisiya ndikukutukwanani zaka zonsezi?"

Madalitso anati: "Ndikananena kuntchito akanawachotsa, mwina n'kuwamanga. Ndikananena kwa inu banja likanatha, ine ndili nkhoswe yake. Koma musandiyese woyera. Ndinawada achimwene. M'mawa uliwonse ndinkawayang'ana ali padenga, ndikudikira kuti atsike adzandiuze okha. Sanatsike." Kenako anayang'ana a Mwale. "Ndawafikitsa pano, ntchito yanga ndamaliza. Unkhoswe ndausiya lero."

Esinati analowa kukhitchini, tinamva chitseko cha kumbuyo chikutsekedwa, kenako galimoto yake ikulira. Ndinabwera kudzatenga mkazi, ndipo ndinali nditamuthamangitsa ndi pakamwa panga. Madalitso anandiyendetsabe kubwerera ku South Bend. Ulendo umenewo ngakhale za mafuta sitinakambe.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, poti mwina wina muno ali pamene ndinali ine.

Mowa ndinausiya, koma osati ndi pemphero lokha. Pemphero linalipo, koma ndinalowanso gulu la anthu osiya mowa, lija mumakhala mozungulira n'kunena dzina lako. Poyamba ndinkachita manyazi, munthu wamkulu kukaulula kwa azungu osawadziwa. Ndinapeza kuti theka la iwo linachokera m'mafakitale omwewo. Ndimapitabe. Musadikire kuti mumve kufuna, pitani mukadali osafuna.

Ndinapita kwa akazi a Madalitso kukapepesa paokha, chifukwa bedi lija ndinatchera iwonso. Sanandipatse mpando, ndipo anachita bwino.

Ndinagula khadi ya foni n'kuimbira apongozi, amalume a Esinati ali pomwepo kuti mawu adutse mwa iwo monga mwa mwambo. Nditamaliza, apongozi anatenga foni okha. Anati: "Ndinamva mapazi anu, bambo. Munaima nthawi yaitali pachitseko paja. Ndinadabwa kuti munthu akufunsa ngati tili bwino, ine ndisanauze aliyense kuti kukudontha." Anatsokomola, n'kubweza foni. Mpaka lero akaimba amapempha mwana wawo ndi mdzukulu wawo basi.

Ndinasamukira kuno, ndinapeza kachipinda chakufupi ndi Lafayette Road. Ndinalowa kosi yosamalira okalamba. Panopa ndimasambitsa ndi kudyetsa agogo a eni, ndipo amene amandiuza zochita ndi mtsikana amene ndingamubereke. Tsiku lililonse lopuma ndinkakwera mabasi kupita ku Lawrence kukaona Tadala. Esinati ankamutulutsa pakhomo atamuveka jekete, n'kutseka chitseko. Sindinapemphe kulowa. Ndinkabweza mwana pa nthawi imene wanena, ndili wosanunkha kanthu.

Ndipo nsanje, abale, siinathe. Musaganize kuti munthu ukagwada pakapeti imatuluka ngati minga. Madalitso panopa akuyendetsa thiraki yaikulu, ndinamva kuti akufuna kugula yakeyake, ndipo nditamva zinandiwawa ngati kale. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndimainena isanafike m'manja. Ndinamuimbira n'kumuuza kuti, "Mada, ndamva za thiraki, ndakuchitira nsanje." Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Bola mwanena." Sanditchulanso achimwene, amati a Lameki. Ndinazipanga ndekha.

Za mkangano wa mapaki uja, mukandifunsa lero amene ankalondola, ndikuuzani kuti sindikudziwa. A matenti ali ndi mfundo, a makalavani ali ndi mfundo, ndipo pano chuma chavuta, ndalama zasowa kwa onse. Chaka chino kumisasa tinapeza zimbudzi za mbali ya matenti zitatsekedwa, tonse tikuyenda mtunda kupita mbali ya makalavani. Chimene ndikudziwa n'choti ine ndinakuwa kwambiri pa nkhani imeneyo ndisanaiganizirepo n'kamodzi komwe. Ndiye mukadziona mwapsa mtima ndi nkhani ya msonkho, ya masankho a komiti, ya kayendetsedwe ka kwaya, tadzifunsani kaye kuti mbali inayo kwaima ndani. Mwina mupeza kuti si nkhaniyo ikukuwawani, ndi munthu amene munamulandira pasiteshoni.

Esinati anandilola kubwerera miyezi iwiri yapitayo. Sanachite mwambo uliwonse. Ndinabweza mwana tsiku lina, iye anasiya chitseko chotsegula n'kubwerera kukhitchini. Ndinaima pakhomo mpaka anati, "Mukulowetsa mphepo." Ndiyamika Mulungu chifukwa cha zimenezo, ndipo ndiyamika mayi amene wakhala apoyo, amene anandilola kunena zonsezi pamaso panu.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zili mwakale, chifukwa ena mungatuluke muno mukuganiza kuti kuulula kumafufuta. Kukhululuka anakhululuka. Timadya limodzi, timapemphera limodzi. Dzana m'mawa anali kuntchito, anaimba foni kufunsa za mwana, poti mwanayo anagona ndi chimfine. Ndinamuuza kuti Tadala ali bwino, wadya, akusewera. Iye anati:

"Mupatseni foni ndimumve ndekha."

Ndinamupatsa.